Ndidagula golosale ya alamu anga, koma masherifu alanda katundu pa ngongole yawo

Funso

Ndine mphunzitsi ku Lilongwe. M'mwezi wa Malichi ndidagula golosale ya alamu anga pa Mponela: mafiliji awiri, mashelefu, sikelo, kauntala ndi katundu yense amene adali m'katimo. Tidagwirizana K7,000,000. Ndidawapatsa K5,000,000, ina kudzera ku banki ina pamanja, ndipo K2,000,000 yotsalayo tidaduliramo ngongole imene adanditenga chaka chatha. Tidalemberana kalata, mboni ziwiri zidasayina. Poti ndimagwira ntchito kutali, ndidawasiya alamuwo kuti azigulitsabe, ine ndiziwalipira pamwezi. Chikwangwani sindidasinthe poopa kuthawitsa makasitomala. Tsopano mu Ogasiti muno kwabwera masherifu ndi chikalata cha khoti, ati alamu ali ndi ngongole ya K4,200,000 ku kampani ina yopikulitsa katundu, ndipo anyamula mafiliji ndi katundu wambiri. Ndawaonetsa kalata yathu koma sadabweze kanthu. Kodi malamulo amalola kulanda katundu wanga pa ngongole ya munthu wina? Achibale akuti tipite tikatenge katunduyo mokakamiza.

Mayi wa ku Lilongwe

Yankho

Mayi, pepani ndi zimene zakuonekeranizi. Ndalama zotere kwa mphunzitsi ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo kuona filiji imene mudalipira ikukwezedwa pa lole chifukwa cha ngongole imene simudadye nawo n'kowawa. Ndiyambe ndi ganizo la achibalelo chifukwa ndilo lingakuonongereni zonse: musapite kukatenga katunduyo mokakamiza. Masherifu amabwera ndi mphamvu ya khoti, ndipo kulimbana nawo ndi mlandu paokha. Lero muli ndi dandaulo limene woweruza angalimvere. Mukapita ndi anyamata kukathyola loko, mawa mudzakhala mukuyankha mlandu wina uku katundu akugulitsidwa.

Malamulo salola kugulitsa katundu wa munthu pofuna kubweza ngongole ya mnzake. Chikalata chimene masherifu adanyamula chimawatuma kulanda katundu wa alamu anu, osati wanu. Nkhani yagona pa funso lakuti katundu amene adapezeka m'golosalemo ndi wa yani, ndipo pamenepa kalata yanu ili ndi mphamvu ndithu, koma osati mphamvu yonse imene mukuiganizira.

Lamulo lathu la zogulitsana katundu, Sale of Goods Act, lidatengera lamulo la ku England la 1893. Limati umwini wa katundu wodziwika bwinobwino umachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula pa nthawi imene awiriwo afuna. Ngati sadatchule nthawi ndipo palibe china chikudikiridwa, umwini umapita pomwe agwirizana, ngakhale katunduyo sadanyamulidwe kapena ndalama sizidathe kulipidwa. Choncho pakati pa inu ndi alamu anu nkhani idatha mu Malichi. Iwo sangadzuke mawa n'kunena kuti poti mafiliji simudawasunthe ndiye kuti akadali awo.

Koma pa malonda simuli awiri okha. Tangoganizani mutakhala mwini wa kampani yopikulitsayo. Lole yake ikafika pa Mponela, antchito ake amapeza chikwangwani chomwe chija, munthu yemwe uja pa kauntala, mashelefu odzaza, mafiliji akulira. Wopikulitsa sakongoza shuga ndi mafuta ophikira chifukwa cha nkhope ya munthu. Amakongoza chifukwa waona kuti m'shopu muli katundu woti zinthu zikavuta adzagwirepo. Kalata imene ili m'chikwama chanu ku Lilongwe iye sadaionepo. Ngati malamulo akadati pepala lobisika lizipambana nthawi zonse, aliyense wozingwa ndi ngongole bwenzi akulemba kalata usiku yoti katundu yense wamugulitsa mlongo wake, m'mawa n'kutsegula shopu ngati kale. Eni ngongole bwenzi akubwerera chimanjamanja, ndipo posakhalitsa palibe amene akadalolanso kukongoza wamalonda wamng'ono ngakhale belo limodzi la shuga.

Vuto limeneli ndi lakale kwambiri. M'chaka cha 1571, mu ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth woyamba, nyumba ya malamulo ya ku England idakhazikitsa lamulo lakuti kupereka kapena kugulitsa katundu ndi cholinga chochedwetsa, kutsekereza kapena kunyenga eni ngongole n'kopanda mphamvu pamaso pa eni ngongolewo. Patapita zaka pafupifupi 30, bwalo lotchedwa Star Chamber lidaweruza mlandu wa Twyne, umene m'mabuku amaulemba kuti ndi wa 1601. Ndiufotokoza monga adaulembera Edward Coke, katswiri wa malamulo wa nthawi imeneyo, chifukwa mukaumva mudzaona golosale yanu m'katimo.

Munthu wina dzina lake Pierce adali ndi ngongole ya mapaundi 400 kwa Twyne, ndi ina ya mapaundi 200 kwa munthu wachiwiri. Wachiwiriyu adakasuma. Mlandu uli m'kati, Pierce adalemba chikalata mobisa chopereka katundu wake yense, wa mapaundi pafupifupi 300, kwa Twyne ngati kubweza ngongole ija. Koma katunduyo sadachoke pakhomo pa Pierce. Wina adamugulitsa yekha, nkhosa adazimeta ubweya n'kuziika chizindikiro chake. Wosuma uja atawina, sherifu adabwera kudzalanda katundu, ndipo anthu otumidwa ndi Twyne adamukaniza ndi mphamvu ponena kuti katunduyo ndi wa Twyne. Bwalo lidagamula kuti kuperekako kudali kwachinyengo, ndipo Twyne adapezeka wolakwa.

Chimene ndikufuna muonetsetse n'chakuti ngongole ya Twyne idali yeniyeni. Palibe adatsutsa zoti Pierce adamukongoladi, ndipo ngongoleyo idaposa mtengo wa katundu yense. Adaluza chifukwa cha m'mene zinthu zidachitikira. Oweruza adatchula zizindikiro zingapo: munthu adapereka zonse osasiyako ngakhale zovala zake, adapitiriza kusunga katunduyo n'kumamugwiritsa ntchito ngati wake, kotero kuti anthu ankachita naye malonda akumuyesa mwini, zidachitika mobisa, zidachitika mlandu uli ku khoti, padali kumvana kwa mseri kuti Twyne azingomusungira mnzakeyo, ndiponso chikalatacho chidadzichinjiriza mopitirira ponena kuti zonse zachitika moona mtima, mawu amene munthu wopanda chobisa saona chifukwa chowalembera. Coke adawonjezapo malangizo atatu kwa aliyense wolandira katundu kwa munthu wangongole: muchite poyera anansi akuona, katunduyo awerengedwe mtengo wake weniweni ndi anthu odalirika, ndipo mukangolandira mumutenge nthawi yomweyo. Malamulo a ku England amene ankagwira ntchito pa 11 Ogasiti 1902 ndiwo adakhala maziko a malamulo a dziko lino, n'chifukwa chake kaganizidwe kameneka si kachilendo kwa maloya ndi oweruza athu.

Tsopano tiyale nkhani yanu pambali pa imeneyi. Mundikhululukire, ndilankhula mosabisa monga adzalankhulire loya wa kampaniyo, chifukwa ndi bwino mumve kwa ine kusiyana n'kukamva koyamba muli m'khoti. Mudagula zonse, shopu yathunthu. Wogulitsa sadachoke ngakhale tsiku limodzi. Dzina lake likadali pakhomo. Ndinu pachibale. Gawo lina la mtengo lidali ngongole yakale, kutanthauza kuti mwa anthu onse amene alamu adawakongola, inu mudalandira zanu zonse pamene ena adatsala m'manja muli gwaa. Loyayo adzaunjika zimenezi n'kufunsa woweruza kuti: kodi chidasintha n'chiyani pa Mponela mu Malichi chimene munthu wodutsa pamsewu akadachiona?

Musataye mtima, pakuti zizindikiro si chigamulo. Makhoti a ku England nawo adakhala akusinthasintha pa nkhaniyi. Pa mlandu wa Edwards v Harben mu 1788 adati wogula akasiya katundu m'manja mwa wogulitsa, pamene chikalata chikuti wagula kotheratu, chimenecho pachokha ndi chinyengo pamaso pa lamulo. Pofika pa Martindale v Booth mu 1832 adafewetsa: kusiya katundu ndi umboni wamphamvu woti pali chobisika, koma wogula ali ndi mwayi wofotokoza, ndipo akafotokoza zomveka amapambana. Njira yachiwiriyi ndiyo idakhazikika kumeneko. Kuli madera ena kumene sakupatsa mpata wotere. Ku California, dera la ku America, gawo 3440 la Civil Code limati kugulitsa katundu kumene sikudatsagane ndi kumupereka nthawi yomweyo, n'kutsatiridwa ndi kusintha kwenikweni komanso kopitirira kwa amene akumusunga, n'kopanda mphamvu pamaso pa eni ngongole a wogulitsa, kupatula pa mitundu ina ya katundu imene lamulolo lidaitchula. Kumeneko munthu wa mtima woyera ngati inu akhoza kuluza popanda wina kumunena kuti ndi wabodza. Ine ndimaona kuti njira yopatsa wogula mpata wofotokoza ndiyo ikuyenera malo ngati kwathu kuno, kumene anthu ogwira ntchito m'tauni amadalira achibale kuwayendetsera geni kumudzi. Koma mpatawo umabwera ndi udindo wake: amene ayenera kutsimikizira khoti ndinu, chifukwa katundu wopezeka m'manja mwa munthu amayamba waganiziridwa kuti ndi wake.

Chimene chikukusiyanitsani ndi Twyne ndi K5,000,000. Iye sadatulutse ndalama yatsopano, inu mudatulutsa. Munthu wofuna kungobisira mnzake katundu satulutsa ndalama zenizeni zochuluka chotere. Ndiye pitani ku banki mukatenge sitetimenti yoonetsa tsiku ndi akaunti imene ndalamazo zidalowa. Gawo limene mudapereka pamanja ndilo lofooka, choncho funani chilichonse cholichirikiza: sitetimenti yoonetsa kuti mudatapa ndalama masiku omwewo, kalata ya ngongole ya ku banki kapena ya ku banki m'khonde ngati mudabwereka, mauthenga a pa WhatsApp amene munkakambirana mtengo, ndi mboni zimene zidaona ndalama zikuwerengedwa. Ngongole ya K2,000,000 nayonso iyenera kukhala ndi umboni wake wa chaka chatha. Pezaninso umboni woti K7,000,000 udali mtengo woyenera, chifukwa shopu ya K15,000,000 yogulidwa theka la mtengo pakati pa achibale imanunkha msanga m'khoti. Malipiro a alamu apamwezi, ngati munkatumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi umboni wabwino kwambiri woti adasanduka wantchito. Chimodzimodzi ndalama za malonda zimene ankakutumizirani, ngati ankatero. Ngati phindu lonse ankadya okha ndipo inu simudalandirepo kanthu kuyambira Malichi, konzekani kufunsidwa kuti mudagula chiyani.

Pali masiku atatu amene muyenera kuwadziwa sabata ino: tsiku limene alamu adatenga katundu wa ngongoleyo, tsiku limene kampani idasuma, ndi tsiku limene chikalata cholandira katundu chidafika m'manja mwa masherifu. Zonsezi zili m'fayilo ya mlanduwo ku khoti. Ngati samani idawapeza alamu mu Febuluwale iwo n'kukugulitsani mu Malichi, ndiye kuti iwo ankathawitsa katundu, ndipo funso lidzakhala lakuti inu munkadziwa kapena ayi. Wogula amene adalipira mtengo woyenera moona mtima asakudziwa za cholinga cha wogulitsa amatetezedwa, ndipo chitetezo chimenechi chidalimo kale m'lamulo la 1571 lija. Ngati munkadziwa kuti kuli mlandu ndipo mudafulumira kuti mupulumutse K2,000,000 yanu, muuzeni loya wanu zoona zokhazokha kuyambira tsiku loyamba, kuti akuuzeni ngati kuli bwino kulimbana kapena kukambirana.

Mbali inayo ndi imene anthu ambiri saiyembekezera, ndipo ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu. Tiyerekeze kuti ngongoleyo idatengedwa mu Meyi kapena Juni, shopu ili kale yanu, ndipo katunduyo adalowa m'mashelefu anu. Mukaimirira m'khoti n'kunena mwamphamvu kuti shopu ndi yanga, alamu ndi wantchito chabe, kampaniyo ikhoza kuyankha kuti: zikomo, ndiye kuti ngongoleyi ndi yanu. Zoterezi zidachitikapo pa mlandu wa Watteau v Fenwick, wolembedwa m'mabuku a milandu a 1893. Munthu wina dzina lake Humble adagulitsa malo ake omwera mowa ku Stockton-on-Tees kwa kampani yofulula mowa, koma adatsala pomwepo ngati manijala, dzina lake lili pakhomo, laisensi ilinso m'dzina lake. Eni atsopanowo adamuletsa kugula zinthu payekha kupatula zakumwa zina za m'mabotolo. Iye adakongola ndudu zikuluzikulu ndi zinthu zina kwa wamalonda amene ankamuyesa mwini malo. Wamalondayo atadziwa zoona adasumira eni enieni, ndipo khoti lidati alipire, ngakhale adali atamuletsa Humble, chifukwa kugula zinthu zotere ndi ntchito ya masiku onse ya manijala wa malo otere. Chigamulochi akatswiri ambiri amachidzudzula ndipo makhoti ena, monga a ku Canada, adakana kuchitsatira. Komabe ngati inu simudawaletse n'komwe alamu kuoda katundu pa ngongole, ndipo kuoda kudali gawo la ntchito imene mudawapatsa, kampaniyo sifunikanso kudalira mlandu wovutawo. Bwana amayankha pa zimene wantchito wachita m'malire a ntchito yake. Zikatero kampani iyenera kukusumirani inuyo payokha, chifukwa chigamulo chimene ili nacho panopa n'cha alamu, koma n'kofunika mudziwe kumene mawu anu angakufikitseni musanawalumbirire.

Katundu amene walandidwayo musamuone ngati mulu umodzi. Mafiliji, sikelo, mashelefu ndi kauntala ndi zinthu zomwe zija mudagula mu Malichi, ndipo ngati kalata yanu idazitchula chimodzichimodzi, makamaka ndi manambala a kumbuyo kwa mafiliji, apa mwaima pouma. Yang'anani kokha ngati pa mafilijiwo palibe ija yopakidwa dzina la chakumwa, chifukwa kawirikawiri zotere zimakhala za kampani ya zakumwa imene imangobwereketsa, ndipo alamu sakadatha kukugulitsani chinthu chimene sichidali chawo. Shuga, sopo ndi mafuta ndi nkhani ina. Amene mudagula mu Malichi adagulitsidwa kalekale. Amene masherifu apeza mu Ogasiti adaodedwa pambuyo pake, ndiye funso n'lakuti adaodedwa ndi ndalama za yani, m'dzina la yani. Malisiti a kopikula akakhala kuti onse ali m'dzina la alamu, ntchito yanu ikula: muyenera kuonetsa kuti ankaoda ndi ndalama za malonda a shopu yanu ngati wokuimirirani.

Palinso chinthu china chimene kalata ya mu Malichi singachifafanize. Mu 2013 dziko lino lidakhazikitsa Personal Property Security Act, limene lidalowa m'malo mwa malamulo akale monga Bills of Sale Act, ndipo lidabweretsa kaundula wa katundu woikidwa chikole amene adaikidwa pansi pa ofesi ya Registrar General. Banki, bungwe lobwereketsa ndalama kapena wopikulitsa amene wakongoza munthu n'kutenga mafiliji kapena katundu wa m'shopu ngati chikole amalembetsa m'kaundulamo, ndipo aliyense akhoza kufufuza. Kasitomala wogula paketi ya shuga pa kauntala sakhudzidwa ndi chikole chotere, chifukwa wagula m'malonda a masiku onse a shopu. Koma wogula shopu yonse ndi mashelefu omwe sali m'gulu limenelo, ndipo chikole cholembetsedwa chimatsatira katundu mpaka m'manja mwake. Fufuzani dzina la alamu m'kaundulamo tsopano. Mukapeza kuti kulibe kanthu, ndi mfundo yanu m'khoti. Mukapeza kuti wina adalembetsa Malichi asanafike, ndiye kuti mudagula katundu ali ndi chingwe m'khosi.

Lamulo lomweli limayang'ana chimene anthu adachitadi, osati mutu umene adalemba pa pepala. Ndikunena izi chifukwa cha chizolowezi cha anthu a katapila cholembetsa munthu kalata yoti wagulitsa filiji kapena galimoto, pamene onse akudziwa kuti ndi chikole ndipo akabweza ndalama adzatenga katundu wake. Ngati pakati pa inu ndi alamu padali kumvana kwakuti akapeza ndalama adzawombola shopu yawo, khoti likhoza kunena kuti simudagule, mudangobwereketsa ndalama pa chikole chimene simudalembetse ndiponso simudachitenge m'manja. Apo mungatsale kumbuyo kwa ena pa mzere.

Za Insolvency Act ya 2016 ndingodutsapo mwachidule. Alamu akalengezedwa ndi khoti kuti alephereratu kubweza ngongole, woyang'anira chuma chawo ali ndi mphamvu yopempha khoti kuti lifafanize malonda ena amene adachitika chakumapetoku, makamaka ogulitsa motchipa kapena okondera mwini ngongole mmodzi. K2,000,000 ija ndi imene ingayang'anidwe pamenepo.

Nanga muchite chiyani lero? Masherifu sadalakwe pokana kukubwezerani katundu pongoona kalata. Iwo si oweruza, ndipo tsiku lililonse amaonetsedwa makalata otere, ena enieni ena olembedwa dzulo lake. Lembani kalata ku ofesi ya sherifu yonena kuti katundu wakutiwakuti, mumutchule chimodzichimodzi, ndi wanu ndipo mukuletsa kuti agulitsidwe. Muikemo nambala ya mlandu, mumatepo makope a umboni wanu, ndipo kope lanu alidinde kuti alandira. Kampani yosumayo imadziwitsidwa. Ikavomera, katundu amamasulidwa. Ikakana, nkhani imapita kwa woweruza kuti agamule pakati pa inu ndi kampaniyo, njira imene maloya amaitcha interpleader. Chachikulu ndi liwiro, chifukwa katundu akagulitsidwa pa okushoni kumubweza n'kovuta kwambiri, ndipo mitengo ya kumeneko imakhala yotsika. Pezani loya sabata ino kuti apemphe khoti liimitse kugulitsako. Ngati ndalama za loya zavuta, kafunseni ku Legal Aid Bureau, amene amayang'ana kapezedwe ka munthu asanamuthandize. Kalata yanu yeniyeni musaipereke kwa aliyense, ndipo chonde musalole wina akuuzeni kuti mulembe ina yokonzedwa bwino n'kuikapo deti la Malichi. Zotere zimagwidwa, ndipo zikagwidwa ngakhale umboni wanu woona umafera pomwepo.

Ndikulangizaninso kuti musatseke khomo lokambirana. Kampani yopikulitsa ikufuna ndalama zake, si mafiliji akale. Ikudziwa kuti pa okushoni ikhoza kupeza zochepa, kuchotsaponso zolipira masherifu. Loya wanu akaiyalira umboni wa K5,000,000, ikhoza kulola kumasula mafiliji ndi mashelefu n'kupangana ndi alamu za kabwezedwe ka pang'onopang'ono. Pokambiranapo samalani kuti musasayine chilichonse chokusandutsani woimira ngongole ya alamu musanamvetse chimene mukusenza.

Katundu akabwerera, kapena mukadzagulanso geni ina, kusiya wogulitsa ngati wantchito si koletsedwa. Chofunika n'chakuti kusinthako kuoneke ndi maso a munthu wakunja. Tsekani shopu tsiku limodzi kapena awiri, muwerenge katundu yense pamaso pa mboni zosakhala achibale, mulembe mndandanda ndi mitengo yake. Sinthani maloko, makiyi mugawe ndinu. Chikwangwani chisinthe, kapena chionjezedwe mawu oti mwini wake tsopano ndi uje. Laisensi ya ku khonsolo, kulembetsa bizinesi, nambala ya msonkho ya ku MRA, nambala yolandirira ndalama pa foni ndi pangano la lendi zonse zikhale m'dzina lanu. Landilodi mukumane naye maso ndi maso mumufunse ngati lendi ili ndi ngongole, poti naye ali ndi njira zake zogwirira katundu wopezeka m'nyumba mwake. Koposa zonse lemberani opikulitsa onse amene shopu imaodako kuti kuyambira tsiku lakuti mwini ndi inu, uje ndi wantchito, ndipo asamukongoze popanda chilolezo chanu. Kalata imodzi yotereyi ikadafika ku kampani ija mu Malichi, kampaniyo ikadakuuzani nthawi yomweyo ngati alamu adali ndi ngongole, ndalama zanu zisanatuluke zonse, ndipo mukadatha kulipira kampaniyo mwachindunji kuchokera pa mtengo wa shopu. Mantha anu othawitsa makasitomala ndikuwamvetsa, koma makasitomala a golosale amatsata mitengo ndi nkhope ya pa kauntala, ndipo nkhopeyo mudaisunga kale.

Pali chifukwa chinanso chosasiyira zinthu m'manja mwa wogulitsa mosayang'anira. Wogulitsa amene watsala ndi katundu akamugulitsanso kapena kumupinyolitsa kwa munthu wina wosadziwa kanthu, n'kumupereka, munthu wachiwiriyo ndiye amapambana, inu n'kutsala ndi mlandu ndi wogulitsayo basi. Bwalo la Privy Council la ku London, limene nthawiyo linkamva ma apilo ochokera ku maiko ena, lidatsimikiza zimenezi mu 1965 pa mlandu wochokera ku Australia wa Pacific Motor Auctions v Motor Credits, wokhudza wogulitsa magalimoto amene adagulitsa magalimoto ake ku kampani yobwereketsa ndalama koma n'kuwasunga pamalo pake. Bwalo lidati chofunika n'chakuti katunduyo sadachokepo m'manja mwake, ngakhale pa pepala adali atasanduka wongosunga.

Kwa owerenga amene muli ku Joni ndipo mukuganiza zogula shopu kumeneko, lamulo lake ndi lolimba kuposa apa. Gawo 34 la Insolvency Act ya 1936 ya ku South Africa limafuna kuti wamalonda wogulitsa bizinesi yake kapena katundu wake kunja kwa malonda a masiku onse alengeze mu Government Gazette, nyuzipepala ya zidziwitso za boma, komanso m'nyuzipepala za Chingerezi ndi Chiafrikaans za m'deralo, masiku osachepera 30 ndi osapitirira 60 asanapereke. Akapanda kutero, malondawo amakhala opanda mphamvu pamaso pa eni ngongole ake kwa miyezi 6, ngakhale wogula atalipira zonse moona mtima. Ku America madera ambiri adali ndi malamulo ofanana ndi amenewa okhudza kugulitsa katundu wa m'sitolo yense pakamodzi. Mu 1989 akatswiri okonza malamulo a zamalonda kumeneko adalangiza kuti achotsedwe ndipo madera ambiri adachotsadi, koma California idasunga lake, limene limafuna chidziwitso masiku 12 ogwira ntchito malonda asanachitike.

Potsiriza, alamu anu. Wogulitsa amalonjeza mwa lamulo, ngakhale osalemba, kuti ali ndi ufulu wogulitsa, kuti wogula adzasunga katundu mosasokonezedwa, ndiponso kuti palibe chikole chimene sadachiulule. Ngati lonjezo limeneli lasweka, muli ndi mlandu nawo wofuna ndalama zanu. Kuti mudzasume kapena mudzaitane akuluakulu a banja, mudzaona nokha ndi amuna anu, podziwa kuti munthu amene walephera K4,200,000 sangatulutse K7,000,000 mawa. Koma musanafike kumeneko, khalani nawo pansi madzulo ano, pakhale wamkulu mmodzi wa kubanja, muwafunse zinthu zitatu ndipo mayankho mulembe: katundu wa ngongoleyi adamutenga liti, samani ya khoti adailandira liti ndipo adaisunga kuti, komanso ndi ndani winanso amene alamuwo ali naye ngongole, kaya ndi banki, landilodi, a katapila kapena wopikulitsa wina. Pepala limenelo mupite nalo kwa loya pamodzi ndi sitetimenti ya ku banki.